Voti imodzi ya ku Cork: webusaiti ya nyumba ya malamulo ya ku Ireland imene yandithera mabandulo

Ndiyambe ndi kuulula. Mu Ogasiti 2021 ndinaima nawo pa mpando wa ukhansala m'wadi ina muno mu Chipata, ndipo ndinagwa. Kusiyana kwa mavoti kunali kochepa moti mpaka lero ndikamadutsa pa nyumba za achibale ena amene tsikulo anati kukuzizira, tipita masana, kenako osapitanso, m'mimba mumatentha. Ntchito yanga ya masiku onse ndi kugulitsa mbewu za kudimba chakufupi ndi msika wa Kapata: repu, chayinizi, tomato, anyezi, impwa, ndi timankhwala topopera. Ndale ndinangozilawa, koma zinandisiyira ludzu.

Mwana wa mkulu wanga ndi nesi ku Cork, mzinda wa kummwera kwa Ireland. Tsiku lina tikucheza pa WhatsApp ndinayambanso nyimbo yanga ija ya mavoti, iye n'kundidula. "Amayi aang'ono, mwalira mokwanira. Kuno kuli mayi wina anatenga ukhansala ndi voti imodzi yokha, pano ndi mtsogoleri wa chipani. Ndiponso kwawo ndi a mbewu ngati inu nomwe." Ndinati mwanangu, ukundinamiza kuti ndigone tulo. Iye sanatsutsane nane, anangonditumizira dzina, Holly Cairns, ndi adiresi ya webusaiti, oireachtas.ie. Webusaiti imeneyi ndi imene ndikufuna kukuuzani mmene ndaionera, pakuti ndakhala nayo miyezi yambiri pafoni, makasitomala akachepa.

Dzinalo lisakuopseni. Oireachtas ndi nyumba ya malamulo ya dziko la Ireland, yokhala ku Leinster House mumzinda wa Dublin. Ili ndi zipinda ziwiri, Dáil ndi Seanad, koma mphamvu zenizeni zili ku Dáil, kumene kuli aphungu 174 osankhidwa ndi anthu. Phungu wa kumeneko samutcha MP, amati TD. Sipikala amati Ceann Comhairle, mtsogoleri wa boma amati Taoiseach. Katchulidwe kake lilime langa linakana, ndimangowerenga ndi maso. Kulowa pa webusaitiyi n'kwaulere, safunsa dzina lako kapena nambala ya foni, ndipo ukafuna Chingerezi kapena chinenero chawo cha Chiairishi umangodina pamwamba.

Nkhani ya mayi ameneyu ndi iyi. Anabadwa mu 1989, anakulira pa famu ku West Cork, kumene amayi ake ali ndi bizinesi ya mbewu zolimidwa popanda feteleza wa m'sitolo, yotchedwa Brown Envelope Seeds. Mu Meyi 2019 anaima pa chisankho cha khonsolo ya Cork County, dera la Bantry ndi West Cork, pa tikiti ya Social Democrats, kachipani kamene panthawiyo kanali ndi zaka pafupifupi zinayi zokha. Mavoti anawerengedwa, n'kuwerengedwanso, ndipo pamapeto pake mpando womaliza unagwera kwa iye ndi voti imodzi. Chaka chisanathe, pa 8 Febuluwale 2020, kunachitika chisankho cha dziko lonse, ndipo anatenga mpando womaliza mwa mipando itatu ya Cork South-West. Mwa aphungu onse a ku Cork, mzinda ndi midzi yomwe, wamkazi anali yekhayo. Pa 1 Malichi 2023 anakhala mtsogoleri wa chipani chake, amayi awiri amene ankachitsogolera, Catherine Murphy ndi Róisín Shortall, atatula pansi udindo. Ndipo pa 29 Novembala 2024, tsiku lenileni la chisankho chotsatira, anthu ali pamzere wovota, iye anali kuchipatala kuchira mwana wamkazi. Mpando wake anausunga, chipani chake n'kuchoka pa aphungu 6 kufika pa 11. Nditamva zimenezi ndinakhala pa thumba la laimu n'kuseka ndekha. Ife timati mayi woyembekezera asamayende padzuwa, mnzathu anachita kampeni yonse ali ndi pakati potopa.

Tsono chimene webusaitiyi imachita bwino koposa ndi ichi. Phungu aliyense ali ndi tsamba lake. Ukalemba dzina pakabokosi kofufuzira, pamabwera chithunzi chake, chipani, dera limene akuimira, makomiti amene wakhalamo, ndi zaka zimene wakhala m'nyumbamo. Pansi pake pali zimene analankhula, mafunso amene anafunsa nduna, mmene anavotera, ndi mabilu amene anabweretsa. Ukadina pa tsiku, mawu onse amatuluka monga anayankhulidwira, ngakhale pamene wina anamudula pakamwa kapena sipikala anati nthawi yatha. Pa mavoti amalemba mayina onse, amene anati Tá, kutanthauza inde, ndi amene anati Níl, kutanthauza ayi. Palibe zoti ine ndinali kumbali yanu, kungoti anzanga ndiwo anakana. Dzina lili pomwepo, tsiku lili pomwepo. Ndinayesa kubwerera m'mbuyo kuti ndione pamene zolembazi zimathera, ndipo ndinakafika ku msonkhano woyamba wa Dáil, pa 21 Januwale 1919, agogo anga asanabadwe.

Kumeneko n'kumene ndinamudziwira bwino mayiyu, osati pa zithunzi za kampeni. Amabwerera kawirikawiri pa nkhani ya anthu olumala ndi mabanja awo amene amadikira thandizo kwa zaka. Analankhula kwambiri za nyumba zimene kale ankatsekeramo atsikana otenga mimba asanakwatiwe, n'kuwalanda ana, nkhani imene lipoti lake lalikulu linatuluka mu Januwale 2021. Ndinawerenga zimenezi madzulo ena magetsi atazima, foni ili pa 11 peresenti, ndipo nsima inazizira m'mbale. Tinkayesa kuti kuchititsa manyazi mtsikana wa mimba ya pathengo ndi khalidwe la kwathu kuno kokha. Nkhani ina inandiseketsa poyamba: mu 2020 anatsutsa zoti boma liziika ndalama ku mipikisano yothamangitsa agalu. Agalu! Kwathu ku Mchini galu amadya mkute, ndiye kumva kuti kwina aphungu amakangana za bajeti ya agalu ndinaona ngati nthabwala. Koma nditawerenga bwino ndinaona kuti ndi bizinesi yokhala ndi eni ake, ndipo phungu watsopano wa kumudzi kuigwira pamchira kunafuna chiwindi.

Gawo la mafunso ndi limene ndalikonda kuposa onse, ndipo apa ndichedwepo pang'ono. Ku Ireland phungu alibe thumba la chitukuko cha dera ngati CDF yathu, imene mu 2022 inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse. TD sangaime pa msonkhano n'kunena kuti ndakumangirani mlatho. Chida chake ndi pakamwa ndi cholembera. Amalemba funso kwa nduna, nduna n'kuyankha molemba, ndipo funso ndi yankho zonse zimaikidwa pa webusaiti kuti aliyense awerenge. Mafunso ambiri si a zinthu zazikulu ayi. Ndi a msewu wakuti, sukulu yakuti, basi yonyamula ana, doko la asodzi, odwala amene adikira nthawi yaitali. Ukamawerenga umachita kumva kuti munthuyu anayambira ku khonsolo, chifukwa maso ake adakali pa ngalande ndi maenje a mumsewu. Zina mwa zimene nduna zimayankha n'zozungulira ngati njira ya kumanda, zimenezo ndiye n'zofanana kulikonse. Kusiyana kwake n'kwakuti kuzungulirako kwalembedwa, ndipo chaka chamawa phungu akhoza kubwera nako n'kunena kuti bwana, munati chiyani paja?

Mwana wa mkulu wanga anandiuzanso kuti ma TD amakhala ndi zimene amati clinic. Ine ndinayesa kiliniki ya sikelo ya ana. Ayi, ndi tsiku limene phungu amakhala pa holo kapena pa ofesi m'dera lake, anthu n'kumabwera mmodzimmodzi ndi mavuto awo. Anatinso andale a kumeneko sajomba pa maliro. Apo ndiye ndinati basi, ndi abale athu. Ine m'miyezi itatu ya kampeni ndinagona pa masiwa ambiri kuposa pabedi panga.

Palinso gawo limene aphungu amaulula chuma chawo chaka ndi chaka: minda, nyumba zochititsa lendi, masheya, ntchito zina zimene ali nazo. Ndinathera Lamlungu lathunthu pamenepo, osati chifukwa cha maphunziro, koma mijedo chabe. Ndikuvomera.

Kanema aliponso. Zokambirana za m'nyumbamo amaonetsa pompopompo, ndipo nthawi yokoma ndi imene atsogoleri a zipani zotsutsa amapanikiza Taoiseach kapena wachiwiri wake ndi mafunso, Lachiwiri 2 koloko masana, Lachitatu ndi Lachinayi 12 koloko, pa nthawi ya kwawo. Muziwonjezapo ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndi maola awiri miyezi yotsalayo, chifukwa iwo amasuntha mawotchi. Koma ndikuchenjezeni ngati mnzanu: kanemayu amamwa bandulo ngati mchenga umwera madzi. Tsiku loyamba ndinagula bandulo ya sabata, pofika madzulo kampani yanga ya foni inali itanditumizira kale uthenga uja wopweteka mtima. Netiweki nayo ya pamsika pathu ikafika nthawi ya nkhomaliro imayenda ngati kamba, chithunzi n'kuima munthu ali kukamwa yasa. Kuwerenga mawu sikudya kanthu, ndipo mawuwo satenga masiku kuti aikidwe. Komanso Chingerezi cha ku Cork chimathamanga ndi kukwera ngati nyimbo, moti ine wa satifiketi ya Giredi 12 ndinkatola mawu atatu pa khumi. Polemba ndimamva zonse, kupatula pamene phungu watembenukira ku Chiairishi, chifukwa zimenezo amazisiya momwemo. Ndimangodumpha ndime imeneyo.

Tsopano chimene simukachipeza. Webusaitiyi ndi ya nyumba ya malamulo, choncho mbiri ya munthu imayambira tsiku limene analowa mu Dáil. Miyezi ija ya ukhansala mulibe. Voti imodzi ija, imene inandikokera kumeneko, mulibe. Zimenezo ndinazitola m'manyuzipepala a pa intaneti ndi pakamwa pa mwana wa mkulu wanga. Si mlandu wa eni webusaiti, nkhani za khonsolo zimasungidwa ku khonsolo, koma kwa munthu ngati ine amene ndikufuna kudziwa mmene makwerero oyamba amakwerera, zili ngati kupatsidwa nkhuku yopanda chiwindi ndi nthutumba. Ku Ireland kuli makhonsolo 31 ndi makhansala 949, ndipo akuluakulu ambiri anadutsira mmenemo. Micheál Martin analowa khonsolo ya mzinda wa Cork mu 1985, n'kukhala TD mu 1989, ndipo utsogoleri wa boma anaupeza mu 2020, patapita zaka 35. Simon Harris anakhala khansala ku Wicklow mu 2009, TD mu 2011, Taoiseach mu 2024 ali ndi zaka 37. Wina anayenda pansi, wina anakwera njinga yamoto, koma onse anayambira pa ngalande.

Kuti ndimvetse mmene munthu angapambanire ndi voti imodzi pa mpando womaliza, ndinachita kuphunzira kavotedwe kawo, ndipo usiku woyamba mutu unandiwawa. Sachonga munthu mmodzi ngati ife. Dera limodzi limakhala ndi mipando ingapo, ndipo wovota amalemba 1 pa amene wamukonda kwambiri, 2 pa wotsatira, 3, mpaka pamene wafunira. Pamene pali mipando itatu, munthu amafunika mavoti opitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi kuti adutse. Amene ali kumchira amachotsedwa, mapepala ake n'kugawidwa kwa amene analembedwa 2. Amene wapitirira muyeso, mavoti ake otsala nawonso amagawidwa. Amawerenga ndi manja, pamapepala, anthu a zipani atatsamira pa mpanda kuyang'ana pepala lililonse, ndipo nthawi zina zimatenga masiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinatenga nyemba za mitundu inayi n'kuziyala pa kauntala kuti ndiyesere, kasitomala wina n'kundifunsa ngati ndayamba kuombeza. Nditamaliza ndinazindikira chinthu chimene chinandilasa: m'wadi mwathu tinaima anthu asanu, ndipo ambiri amene anavotera ena ankandiuza kuti amayi, mukanakhala awiri tikanakupatsani. Kumeneko mawu amenewo amalembedwa pa pepala n'kuwerengedwa. Kuno amathera pa chitseko.

Sikuti zonse za kwawo ndazikonda. Kuyambira pa lamulo la 2003, munthu sangakhale khansala ndi TD nthawi imodzi, ndipo izo n'zabwino, nafenso mu 2016 tinawachotsa aphungu m'makhonsolo. Koma khansala akapita ku Dáil, mpando umene wausiya sachititsa chisankho chapadera monga tinazolowera kuno. Chipani chake chimatchula munthu wina, khonsolo n'kumulandira, basi wakhala khansala popanda ndi mmodzi yemwe womuvotera. Amati co-option. Ndalama zimapulumuka, n'zoona, ndipo amene anaonapo magalimoto a zipani akuthamangitsana ndi fumbi chifukwa cha kampando ka wadi imodzi angati bola zimenezo. Koma ine ndinaona khomo lolowera achibale. Leo Varadkar, amene anadzakhala Taoiseach mu 2017, analowa khonsolo ya Fingal mwa njira imeneyi mu 2003, ngakhale kuti chaka chotsatira anthu anamuvotera okha. Ku Kerry kuli banja la Healy-Rae: bambo, Jackie, anali khansala kuyambira 1973 n'kukhala TD mu 1997, mwana wake Michael n'kulowa Dáil mu 2011, mwana wina Danny mu 2016, adzukulu ali m'khonsolo. Anthu a kumeneko amawavotera ndi mtima wonse, akuti amagwira ntchito usiku ndi usana. Chabwino. Koma zikanakhala kuno tikanati ufumu, ndipo tikanafunsa kuti mbumba inakhala pansi liti.

Ndinafuna kuti amayi a gulu lathu la banki ya m'mudzi aone zimene ndikunenazi, poti ambiri mafoni awo ndi a mabatani. Ndinapita pa kashopu kena kosindikiza mapepala m'tauni, n'kuonetsa mnyamata wa pamenepo mawu a tsiku limodzi amene ndinkafuna, masamba awiri kapena atatu. Anati, "Amayi, khalani pa benchipo, ndi zazing'ono izi." Ndinatuluka kukagula chinangwa chootcha. Pobwera ndinapeza makina akulavula mapepala ngati chigayo, mulu utafika pa chigongono. Mnyamata uja anali atasindikiza zokambirana za tsiku lonse, kuyambira pa pemphero lotsegulira mpaka pamene anaweruka usiku. Ndinati mwana iwe, ndinakuuza kuti ndikufuna kutsegula laibulale? Iye anati kompyuta ndiyo yasankha. Tinakangana mpaka mwini shopu anabwera, tinagawana pakati, ndinalipira theka n'kunyamula mtolo wanga pamutu. Tsono amene mukufuna kusindikiza, koperani ndime yokhayo imene mukuifuna, muiike pa tsamba lina, ndipo musachoke pa makinapo ngakhale chinangwa chinunkhire bwanji.

Masamba atatu aja tinawerenga Loweruka pansi pa mtengo wa mango, ine ndikumasulira. Amayi ena achikulire, amene mdzukulu wawo sayenda, anamvetsera mpaka kumapeto osatsokomola, kenako anafunsa kuti, "Nanga athuwa zimene amakanena ku Lusaka zimalembedwa kuti?" Ndinachita manyazi, chifukwa ndinali nditathera miyezi ku Dublin osayang'ana pakhomo. Zimalembedwa ndithu. Nyumba yathu ya malamulo ili ndi webusaiti yake, parliament.gov.zm, ndipo zokambirana zimaikidwa pamenepo, pali ndi wailesi yake. Usiku womwewo ndinayamba kufufuza zimene aphungu a Chipata Central ndi Luangeni akhala akunena. Ndagulanso kabuku ka masamba 96, ndipo pa msonkhano uliwonse wa m'wadi ndimalemba tsiku ndi zimene akhansala athu alonjeza. Anandiona ndikulemba ulendo wathawu, ndipo anayamba kusankha mawu ngati munthu wodya nsomba yaminga.

Kodi ndingaiyamikire kwa ndani? Kwa aphunzitsi a Civic Education, kwa ana a sekondale amene akufuna Chingerezi cha mtsutso, kwa atolankhani a mawailesi athu, ndi kwa mayi aliyense amene akuganiza zoima pa ukhansala koma akuopa kuti alibe magalimoto ndi zitenje zogawa. Amene mukufuna nkhani yokoma ya moyo wa munthu, yokhala ndi misozi ndi nthungululu, mukatopa msanga, chifukwa webusaitiyi siikometsera kanthu, imangoyala zimene zinanenedwa. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi. Yachisanuyo ndaisunga chifukwa cha ukhansala umene mulibe, ngakhale ndikudziwa kuti ndikulanga wosalakwa.

Mapepala otsala aja sindinataye. Ngati mwagula mbewu ya repu kapena chayinizi kwa ine miyezi ino, n'kupeza kuti yakulungidwa m'pepala la Chingerezi lotchula Deputy wakutiwakuti ndi Ceann Comhairle, ndi omwewo. Atsala okwana mpaka dzinja.